Kutsegula Mafayilo a ZIP pa Foni: Zimene Makomiti a Chitukuko Ayenera Kudziwa

Masiku ano nkhani zambiri za chitukuko m'midzi yozungulira Kuti, mpaka m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, zimayenda pa WhatsApp. Alembi a makomiti a VDC ndi ADC, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amatumizirana malipoti, mafomu, mayina a anthu opindula ndi ntchito zosiyanasiyana, komanso zithunzi za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu imene ikumangidwa. Nthawi zina pakati pa zimenezi pamafika fayilo imene dzina lake limathera ndi zilembo zakuti .zip. Ambiri akaidina n'kuona kuti sikuonetsa kanthu, amaganiza kuti yaonongeka, ndipo amaifufuta. Pamenepo fomu imene imafunika kudzazidwa tsiku lotsekera lisanakwane imatayika, kapena membala amafika pa msonkhano asanaone bajeti imene akuyenera kuikambirana.

Nkhaniyi si yaing'ono. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998 linabweretsa mphamvu zokonza chitukuko kufupi ndi anthu, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ufulu umenewu umapindulitsa munthu amene angathe kutsegula chikalata chimene walandira n'kuchiwerenga.

ZIP n'chiyani

Fayilo ya ZIP ili ngati belo la kaunjika. Zovala zambiri zimapanikizidwa n'kumangidwa pamodzi kuti zinyamulike mosavuta, koma belo likadulidwa, malaya alionse amatuluka athunthu. Momwemonso, wotumiza amasonkhanitsa mafayilo khumi kapena makumi awiri n'kuwamanga kukhala phukusi limodzi lochepa kukula kwake. Njirayi inayambitsidwa mu 1989 ndi Phil Katz wa ku America. Palinso mitundu ina iwiri yodziwika: RAR, imene anapanga Eugene Roshal mu 1993, ndi 7z, ya Igor Pavlov, ya mu 1999.

Kupanikizako kumatheka chifukwa m'zolemba muli zinthu zambiri zobwerezabwereza. Ngati mawu akuti "chitukuko" akupezeka kambirimbiri mu lipoti, pulogalamu imawasunga kamodzi, ndipo m'malo enawo imangoika kachizindikiro kolozera pamene pali mawuwo. Potsegula, zonse zimabwerera m'malo mwake popanda chilembo chimodzi chosowa. N'chifukwa chake zikalata zolembedwa zimachepa kwambiri zikapanikizidwa, pamene zithunzi ndi mavidiyo zimachepa pang'ono chabe, popeza zimakhala zitapanikizidwa kale ndi kamera. Kwa munthu wogula bandulo ya TNM kapena Airtel ndi ndalama zosowa, kuchepa kumeneku ndi phindu.

Katsegulidwe kake

Choyamba, fayiloyo iyenera kutsika yonse m'foni. Kumene netiweki ndi yofooka, fayilo imatha kuduka panjira, ndipo yotereyi imakana kutseguka. Mankhwala ake ndi kupita pamalo pamene netiweki ikugwira bwino n'kuitsitsanso.

Mafoni ambiri a Android ali ndi pulogalamu yotchedwa Files by Google, ndipo amene alibe angaipeze kwaulere pa Play Store. Munthu akaitsegula amafufuza fayiloyo m'gawo la Downloads kapena pakati pa zikalata zimene zafika kudzera pa WhatsApp. Akaidina, foni imaonetsa mayina a zonse zimene zili m'katimo, pamodzi ndi batani lolembedwa kuti Extract, kutanthauza kumasula. Akadina batanilo, mafayilo amatuluka n'kusungidwa pamalo omwewo pamene panali phukusilo. Pa mafoni a Samsung ntchito yomweyi imagwiridwa ndi My Files. Pa iPhone, kuyambira mu 2019, munthu amangodina fayiloyo mu pulogalamu ya Files ndipo foda yatsopano imaonekera pambali pake.

Files by Google imamasula mafayilo a ZIP okha. Dzina likathera ndi .rar kapena .7z, pamafunika pulogalamu ina, monga ZArchiver kapena RAR, zimene zimapezekanso pa Play Store. Mapulogalamu awiriwa amatsegulanso phukusi lokhomedwa ndi mawu achinsinsi, malinga wotumizayo wapereka mawuwo.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimasokoneza anthu. China ndi malo osungira. Zimene zili m'phukusi zikatuluka zimatenga malo ambiri kuposa phukusilo, choncho foni yodzaza ndi mavidiyo a ukwati ndi nyimbo imakana kumasula mpaka zina zitachotsedwa kapena kusamutsidwira pa memole khadi. Chinacho ndi mtundu wa zikalata zimene zatuluka. Lipoti la PDF limatseguka pa mafoni ambiri, koma bajeti yolembedwa mu Excel kapena kalata ya mu Word imafuna pulogalamu yowerengera, monga WPS Office. Mafoni ang'onoang'ono a mabatani sanapangidwire ntchito imeneyi, ndipo eni ake ayenera kupempha chikalata cha papepala kapena kuwerengera pa foni ya mlembi wa komiti.

Chenjezo

Belo silionetsa zonse zili m'kati lisanadulidwe, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Uthenga wolonjeza ntchito, ngongole kapena thandizo la ndalama umatha kubwera ndi phukusi limene m'kati mwake muli fayilo yothera ndi .apk. Imeneyi si chikalata ayi, ndi pulogalamu imene imafuna kulowetsedwa m'foni. Ikaloledwa, imatha kupempha chilolezo chowerenga mauthenga, kuphatikizapo manambala otsimikizira ochokera ku banki, ndipo ina imaonetsa tsamba lonamizira lofunsa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Fomu yeniyeni kapena lipoti lenileni silifuna kulowetsedwa ngati pulogalamu. Foni ikachenjeza kuti chinthu chochokera kosadziwika chikufuna kulowa, munthu akane, afufute fayiloyo, ndipo adziwitse anzake pa gulupo.

Munthu akalandira phukusi limene samaliyembekezera, ngakhale litachokera pa nambala ya khansala, a mfumu kapena mnzake wa m'komiti, ndi bwino ayambe waimba foni n'kufunsa, chifukwa akuba amalandanso akaunti za WhatsApp za anthu odziwika bwino m'dera. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo nambala yachinsinsi ndi limodzi mwa mapukusi otere.

Udindo ulinso kwa amene watsegula bwinobwino. M'mapukusi ena mumakhala mayina a anthu, manambala a zitupa za unzika ndi manambala a foni. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la mu 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, choncho mndandanda wotere suyenera kuponyedwa pa magulu a mpingo, a mpira kapena a abale.

Otumiza nawonso angachepetse vutoli. Chikalata chikakhala chimodzi, ndi bwino kuchitumiza chokha ngati PDF. Zikachuluka n'kufunika kumangidwa pamodzi, wotumiza asankhe ZIP m'malo mwa RAR, alembe dzina lomveka bwino, ndipo anene mu uthenga wake kuti m'katimo muli mafayilo angati. Komiti iliyonse ingachite bwino kupatula mphindi zochepa pa msonkhano wotsatira kuti amene akudziwa aonetse anzawo pa mafoni awo omwe, kuti bajeti ya mjigo kapena ya mlatho ikadzafika, aliyense adzabwere ataiwerenga.