Zipangizo Zochenjeza ndi Mawu Pakabuka Moto m'Nyumba Zikuluzikulu

Unduna ukudziwitsa eni nyumba zamalonda, oyang'anira misika ndi nyumba zosungiramo mbewu, komanso anthu onse, za ubwino wa zipangizo zochenjeza ndi mawu pa nthawi ya ngozi.

Belu likalira, anthu ambiri amayamba ayang'anana, ena n'kumaganiza kuti akungoliyesa. Pa nthawiyo utsi, umene umapha anthu ambiri kuposa malawi a moto, umakhala ukudzaza nyumba. Chipangizo cha mawu chimachotsa chikaiko chimenechi. Kachipangizo kozindikira utsi kakatumiza chizindikiro, zimkuzamawu zimalengeza uthenga wojambulidwa kale wonena chimene chachitika ndi khomo loyenera kutulukira. M'nyumba zazitali zosanjikizana, chilengezo chimayambira pomwe pali moto kuti anthu asapanikizane pamasitepe.

Muyezo wa ku Britain wa BS 5839-8 umafuna mabatire otha kugwira ntchito maola 24 magetsi atazima, kuphatikizapo mphindi 30 zolengeza. Uthenga uzikhala m'chiyankhulo chimene anthu amamva, ndipo nyali zothwanima ziziikidwa pofuna kuthandiza anthu amene ali ndi vuto la kumva.

Mukamva chilengezo, siyani katundu wanu, musakwere lifti, tulukani mosathamangitsana ndipo mukadikire pamalo osonkhanirana.