Penshoni ilipo, ocheza nawo kulibe

Pa 1 Okutobala, tsiku lokumbukira anthu achikulire, zokamba zimakhala zomwe zija: penshoni yochedwa, mankhwala a shuga osowa, agogo ozunzidwa powaganizira ufiti. Kusungulumwa sikutchulidwa. Lamulo la penshoni la 2011 linati bwana azisonkha K10 ndipo wantchito K5 pa K100 iliyonse ya malipiro, koma za amene munthu adzacheze naye Lolemba m'mawa akadzapuma, aliyense amadzionera yekha.

Pa malo ena ogulitsira malonda, m'mbali mwa msewu wa Limbe kupita ku Mulanje, pamafika bambo wina amene kale anali mphunzitsi wamkulu. Amatulukira dzuwa litakwera pang'ono, akukankha njinga, atavala jekete ndi tayi ngakhale kutenthe bwanji. Nsapato zopolisha, cholembera chofiira m'thumba la malaya, nyuzipepala ya dzana m'khwapa. Amatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, n'kuyala mpango pa benchi, n'kukhala moyang'anana ndi bawo.

Pomwe anali pa ntchito, bawo ankaliyesa masewera a alesi. Atakwanitsa zaka 60 anapereka makiyi a nyumba ya sukulu, nakweza katundu pa lole kupita kwawo kwa mkazi wake, kumene anamanga nyumba ya malata ndi ndalama zopumira pa ntchito. Mayiwo sanachedwe kuzolowera. Ndi kwawo: kudimba ali ndi achemwali awo, Lachinayi kumpingo, kenako ku banki mkhonde, kukagwa zovuta ali pa moto kuphika ndi anzawo. Bamboyo anatsala pakhonde ndi wailesi. Odutsa ankawerama n'kupereka moni kwa "aphunzitsi", koma woima kuti acheze panalibe. Nkhani za m'banja amaweruza ndi eni mbumba, ndipo mkamwini, angakhale wophunzira chotani, amangomva zatha.

Lero mabowo 32 a bawo amawadziwa ngati kaundula wa kalasi. Nkhomo amaziwerenga mokweza, amatsutsa mnzake akatakata molakwa, ndipo anyamata a kabaza amamugonjetsa kwinaku akumuseka, zomwe palibe mwana wasukulu akanayerekeza. Tsiku limene sanabwere, wina amapalasa njinga kukaona ngati wadzuka bwino.

Nkhani ngati yakeyi ndi imene imautsa mkangano pakati pa ogwira ntchito omwe atsala pang'ono kupuma: kubwerera kumudzi kapena kutsala m'tauni? Okonda kumudzi amati kulibe lendi, chimanga n'cholima wekha, ndipo ukadwala pali wokuphikira phala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumidzi, choncho, iwo amati, anthu ali komweko.

Enawo amagwedeza mutu. Munthu amene anachoka ali mnyamata, n'kumangotumiza chipepeso pa foni m'malo mogona pasiwa, kumudziko ndi mlendo. Anzake obadwa nawo ambiri anatsogola. Otsalawo amakamba za feteleza ndi malire a minda, iye akufuna kukamba za ndale ndi mpira. Ena amamuona ngati thumba la ndalama, ndipo ndalamazo zikatha, alendo nawonso amatha. Bwanji osakhala ku Chilomoni kapena ku Area 25, komwe mpingo, chipatala ndi anzake zili pafupi?

Komatu m'tauni namonso si mochezeka monga amanenera. Mipanda ya njerwa inatalika, ana ali ku Johannesburg, adzukulu amalawirira kusukulu, ndipo kukaona mnzako kumafuna ndalama ya minibasi. Mbali zonse ziwiri zimakangana za malo, chonsecho amene akuoneka osangalala, kaya ku Ndirande kaya ku Thyolo, ndi omwe ali ndi kagawo kowadikira: kusunga buku la komiti ya mjigo, kuimba besi mu kwaya, kulembera anzawo mafomu. Amayi ambiri tizigawo totere amakhala anatiyamba kale asanapume. Abambo ambiri amadzidzimuka tsiku lotsanzikana litadutsa.

Masiku ano kwabwera magulu a pa WhatsApp a anthu omwe ankagwirira ntchito limodzi. M'mamawa mumadzaza mavesi ndi zithunzi za maluwa. Uthenga umene aliyense amayankha ndi wa maliro, ndipo kumapeto kwa mwezi, bandulo ikawathera, theka la gulu limangoti zii mpaka penshoni italowa.