Invijileta: Mlonda Kapena Woyang'anira?

Pakati pa mawu a Chingerezi amene anakhazikika m'kamwa mwa ana a sukulu, liwu loti invigilator ndi limodzi mwa mawu oopedwa. Kuno kwa Msakambewa, ngakhale mwana wa Sitandade 8 amene Chingerezi chimamsautsa amalidziŵa, ndipo amalitchula kuti invijileta. Mukamfunsa tanthauzo lake adzakuuzani kuti ndi mphunzitsi wachilendo amene amabwera kudzagwira obera mayeso. Yankho limeneli lili ndi choona chake, koma laphonya pamene pagona liwulo.

Liwuli linachokera ku Chilatini. Aroma akati vigil ankanena munthu amene ali maso, ndipo vigilare kunali kukhala maso anzako ali m'tulo. M'chaka cha 6 A.D. mfumu Augustus inakhazikitsa gulu la alonda otchedwa vigiles mumzinda wa Roma. Iwo ankagwirako mbala, koma ntchito yawo yeniyeni inali kuyendera misewu usiku kuti moto usapsereze nyumba za anthu. Kuchokera ku muzu womwewo Angerezi anapeza vigil, umene ife timati mchezo, monga uja wa pamaliro, ndiponso vigilant, kunena munthu watcheru. Motero invigilator ndi munthu wokhala maso.

Inu amene mwangomaliza sukulu ndipo mukulemba makalata ofunsira ntchito, dziŵani kuti m'Chingerezi cha masiku ano liwuli limanena makamaka za mayeso. Mlonda wa pagolosale kapena wa pashedi ya fodya satchedwa invigilator ayi. Musalisokonezenso ndi investigator, amene ndi wofufuza mlandu utachitika kale. Ku America sakonda kunena invigilator. Amati proctor, liwu lofupikitsidwa kuchokera ku procurator, kutanthauza munthu wosamalira zinthu m'malo mwa mwini wake. Koma ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge proctor ndi mkulu wosungitsa mwambo pakati pa ophunzira. Wolemba mayeso a kunja pa intaneti adzakumana ndi liwuli m'tanthauzo la ku America lija.

Tibwerere kwathu. Pa mayeso a bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987, pamakhala maudindo aŵiri: supervisor ndi invigilator. Woyambayo ndiye mkulu wa malo olembera. Mapepala amafikira m'manja mwake, ndipo mayankho akatsekedwa m'maenivelopu iye ndiye amayankhapo. Dzina lake nalonso ndi la Chilatini, kuona uli pamwamba, ndipo likugwirizana bwino ndi liwu lathu loti woyang'anira. Tsono pa wailesi ndi m'nyuzipepala onse aŵiri timangoti oyang'anira mayeso, ndipo kusiyana kwawo kumasoŵa.

Ine ndimaona kuti invigilator akufanana kwambiri ndi munthu wa pachilindo. Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa mapiri a Dowa kapena kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi akudziŵa chifukwa chimene munthu amakhalira pansanja tsiku lonse chimanga chikamacha. Chimene chamkhazika pamenepo ndi chimangacho; anyani amawaganizira chifukwa cha icho basi. M'chipinda cha mayeso chimanga ndi thukuta la mwana amene waŵerenga zaka zinayi pa kanyali, nayenda mtunda wautali m'maŵa wa chisanu kudzalemba. Mnzake akaloŵa ndi likasa m'sokosi kapena foni m'thumba, wobedwa ndi mwana ameneyu, pakuti malo a ku sekondale ndi ku yunivesite ndi oŵerengeka. Kugwira likasa ndi gawo limodzi chabe la ulondawo. Mlonda wa mayeso amaonetsetsa kuti wolembayo ndi mwini chitupa, kuti nthaŵi yayamba ndi kutha mofanana kwa onse, kuti amene pepala lamthera walandira lina msanga, ndi kuti wodwala mwadzidzidzi wathandizidwa popanda kusokoneza anzake. Mphunzitsi amene amaŵerenga nyuzipepala kapena kuseŵeretsa foni yake pampando wa kutsogolo wagona, ngakhale maso ake ali otsegula. Nayenso uja amene amaima kumbuyo kwa mwana mmodzi mpaka dzanja la mwanayo litayamba kunjenjemera waononga chimene anabwera kudzateteza. Ameneyu ndiye anachititsa kuti dzinali likhale loopedwa.

Tisamsenzetse zonse, komabe. M'mwezi wa Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala ena anali atafalikira kale pa mafoni, ndipo ophunzira analembanso mu Januwale 2021, asilikali a nkhondo akuthandiza kulondera mapepalawo. Kumeneko anyani analoŵera kunkhokwe, kutali ndi chilindo, ndipo ana osalakwa anataya miyezi iŵiri pamodzi ndi olakwa.

Kusankha liwu la Chicheŵa lokhazikika ndi ntchito ya akatswiri a ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene analoŵa m'malo mwa Chichewa Board m'chaka cha 1996. Pakadali pano, m'kalasi mwanga supervisor ndimamutcha mkulu woyang'anira mayeso, ndipo invigilator ndimamutcha mlonda wa mayeso. Ana ena amaseka, amati mlonda ayenera kukhala ndi chibonga ndi jasi la usiku.