Tameki, atropine ndi maloko asanu a m'thupi

Mwana akatola nsima yothira tameki imene akulu anatchera makoswe, zizindikiro sizichedwa: thovu kukamwa, thukuta kamukamu, misozi, kutsegula m'mimba, mboni za m'maso kuchepa kwambiri, mtima kugunda mwaulesi. Achipatala cha boma cha Mangochi akaona zotere amathamangira jakisoni wa atropine.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambire apa: minyewa yathu imalamula ziwalo potulutsa madzi otchedwa acetylcholine, omwe ali ngati kiyi wotsegula maloko ali pa ziwalozo. Gulu lina la malokowa limatchedwa muscarinic, dzina lochokera ku poizoni wa bowa wa Amanita muscaria amene wasayansi Oswald Schmiedeberg anamupatula mu 1869. Wasayansi wina, Henry Dale, ndiye anasiyanitsa gululi ndi linzake la nicotinic mu 1914.

Maloko a muscarinic alipo asanu. M2 ali mumtima, ndipo akatseguka mtima umachepetsa liwiro. M3 ndiye wotanganidwa kuposa onse: malovu, thukuta, misozi, kufinya kwa matumbo ndi chikhodzodzo, kuning'a kwa njira za mpweya, zonsezi n'zake. M1, M4 ndi M5 amapezeka kwambiri muubongo. M1 amathandiza kukumbukira.

Mwachibadwa acetylcholine akagwira ntchito amaphwanyidwa nthawi yomweyo. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, amatsekereza chophwanyacho, monganso amachitira mankhwala ena opopera thonje. Kiyi amangounjikana, maloko onse n'kukhala pululu, mapapo n'kudzaza makhololo mpaka munthu kubanika.

Atropine, wochokera ku chomera cha Atropa belladonna, amakhala paloko osatsegula, kiyi uja n'kusowa polowera. Dokotala amabaya mobwerezabwereza uku akumvetsera pachifuwa mpaka mapapo auma. Koma minofu yopumira imayendera maloko a nicotinic, kumene atropine alibe mphamvu, choncho wodwala wina amafunikabe makina omuthandiza kupuma. Mkaka umene achibale amakonda kumwetsa wodwala sufika pamaloko amenewa. Umangochedwetsa ulendo wa kuchipatala, ndipo ungathe kumutsamwitsa.

Kunyanja kuno palinso china choti anamwino asamale nacho. Atropine amaumitsa thukuta, ndiye m'dzuwa la Okutobala ku Makanjira kapena ku Monkey Bay thupi la wodwala limatentha msanga, moti amayenera kumaliziziritsa ndi nsalu yonyowa.