Timasitima ta nthunzi tofanizira mainjini akale

Timasitima ta nthunzi ndi mainjini ang'onoang'ono a sitima zapamtunda omwe amayenda ndi nthunzi yeniyeni, osati magetsi. Tili ndi moto, boyila yowiritsira madzi komanso pisitoni, monga injini yaikulu. Njanji zake nthawi zambiri zimatalikirana mainchesi 3½, 5 kapena 7¼, ndipo tambiri timakoka anthu akuluakulu atakhala pa ngolo. Tina mwa timasitimati timafanizira mainjini a ku Britain a pakati pa 1804 ndi 1830, nthawi imene akatswiri anali asanagwirizane za kapangidwe ka sitima. Ambiri mwa mainjini amenewo anaphwasulidwa kalekale, choncho kasitima kamapereka mwayi woona mmene ankayendera.

Mbiri

Timainjini tating'ono tinayamba sitima zazikulu zisanabwere. Cha m'ma 1784, William Murdoch anapanga kagalimoto ka nthunzi ka magudumu atatu ku Redruth m'dera la Cornwall. Kuyambira m'ma 1840 ku England kunkagulitsidwa zidole zotchedwa Birmingham Dribblers. Zinkayenda pansi m'nyumba popanda njanji, zikuyaka sipiriti ndi kudontheza madzi m'njira monse, ndipo zikagubuduka zinkatha kuyatsa moto.

Magazini ya Model Engineer inayamba kutuluka mu 1898. Mlembi wake wotchuka, Curly Lawrence, yemwe ankadzitcha LBSC, anaonetsa m'ma 1920 kuti kainjini koyendera malasha kangakoke munthu wamkulu. Analembanso mapulani a timasitima ta maonekedwe akale, monga Rainhill ndi Canterbury Lamb. Kachiwirika kanatengera injini ya Invicta ya mu 1830.

Mainjini amene amafaniziridwa

Injini ya Richard Trevithick inayenda pa 21 February 1804 kuchoka ku Penydarren kupita ku Abercynon ku Wales, itakoka matani 10 a chitsulo ndi anthu pafupifupi 70. Inali ndi silinda imodzi yokha. Vuto la silinda imodzi ndi lakuti pisitoni ikafika kumapeto kwa ulendo wake singathe kuzunguza gudumu, n'chifukwa chake Trevithick anaika chigudumu cholemera pambali kuti chizipitiriza kuzungulira. Kasitima kofanizira injiniyi kamatengera vuto lomweli. Kakaima pamalo olakwika, woyendetsa amayamba wapukusa chigudumucho ndi dzanja.

Akatswiri ena a nthawiyo ankaopa kuti gudumu losalala lizingoterereka panjanji yosalala. John Blenkinsop ndi Matthew Murray anapanga Salamanca mu 1812 ku Leeds, yokhala ndi gudumu la mano lomwe linkaluma mano a m'mbali mwa njanji. Wopanga kasitima kotere ayenera kupanganso njanji yakeyake. William Brunton ndiye anachita zodabwitsa kwambiri mu 1813: injini yake inali ndi miyendo iwiri yachitsulo kumbuyo, imene inkaponda pansi mosinthana n'kumaikankha.

Puffing Billy, yomwe tsopano ili ku Science Museum ku London, ndi Locomotion No. 1 ya mu 1825 zinali ndi masilinda oimirira komanso ndodo zambiri zokwera ndi kutsika pamwamba pa boyila. Zoyenda zonse zili poyera, ndipo n'zimene zimakopa opanga timasitima, ngakhale kuti kusula ndodo zowonda chonchi ndi ntchito yotopetsa.

Vuto la kuchepetsa

Chitsulo chimatheka kuchepetsa, koma madzi ndi moto sizisintha khalidwe. Kasitima ka njanji ya mainchesi 3½ kamachepa ka 16 m'litali poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Khungu la boyila yake limachepa ka 256, pamene madzi olowamo amachepa ka 4,096. Choncho boyila yaing'ono imazizira msanga, ngati mmene tiyi wa m'kapu amazizirira msanga kuposa wa m'ketulo. Nthunzi ikafika mu silinda yozizira imasanduka madzi isanagwire ntchito.

Mainjini akale amakulitsa vutoli. Boyila ya Locomotion inali ndi mpope umodzi waukulu wodutsamo moto, ndipo ngakhale pa sitima yaikulu inkawononga malasha. Rocket, yomwe inapambana mpikisano wa ku Rainhill mu October 1829, inali ndi timipope 25, ndipo sitima za pambuyo pake zinatsata njira imeneyi. Ndiye wopanga kasitima amayenera kusankha. Akatsatira pulani yakale ndendende, kainjini kangalephere kukoka ngakhale mwana. Ambiri amasunga maonekedwe akunja, koma m'kati amabisamo timipope tambiri kapena choyatsira gasi.

Chitetezo

Boyila yaing'ono ingathe kuvulaza. Nthawi zambiri imapangidwa ndi mkuwa wowotcherera ndi siliva, ndipo imakhala ndi valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka. M'makalabu a ku Britain, boyila yatsopano amaidzaza madzi n'kuipopa mpaka mphamvu yake iwirikize kawiri imene idzagwiritsidwe ntchito. Amayesera madzi chifukwa sapanikizika ngati nthunzi, motero boyila ikang'ambika imangodontha osaphulika. Ngozi zotere zinalipo kuyambira pachiyambi: mu 1815 boyila ya injini ya miyendo ya Brunton inaphulika ku County Durham n'kupha anthu oposa 10, ambiri mwa iwo ongobwera kudzaonerera.