Musanalandire Makiyi a Thiraki, Funsani

Amene adaimapo pa Njewa, m'mbali mwa mseu wa M12 wochoka mu Lilongwe kupita ku Mchinji, amadziwa kuchuluka kwa mathiraki olowera ku Chipata kudzera pa Mpingu ndi Namitete. Anyamata athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akangotenga laisensi amathamangira ntchito yomweyi, koma poopa kuoneka amwano amangoti "inde bwana" osafunsa kanthu.

Ife tikuti funsani mwaulemu, makamaka za ndalama zodulidwa. Dizilo akaperewera panjira, adzadula malipiro a yani? Thiraki ikapezeka pa sikelo kuti yalemera mopyola muyeso, chonsecho wopakira katunduyo si inu, chindapusa adzalipira ndani? Nanga tayala likaphulika? Zoterezi ndizo zimafikitsa dalaivala kunyumba chimanjamanja pakutha pa mwezi, ana akudikira fizi.

Pa za alawansi ya paulendo, mvetsetsani ngati amawerengera masiku odikira pa chipata. Chipata cha Mchinji ndi Mwami adachiphatikiza mu 2022 kuti zinthu zizifulumira, komabe mapepala a katundu akalakwika mungathe kugona pomwepo masiku angapo mukudya za m'thumba mwanu.

Za penshoni musachite nazo manyazi. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti, inu 5 peresenti. Funsaninso amene adzakulipirireni chipatala mukachita ngozi muli ku Zambia. Mayankho onsewa alembedwe m'kalata ya ntchito, ndipo ina yofanana nayo muisiye kwa makolo kapena mayi a kunyumba.