Chuku cha m'nyumba: katswiri akamadya uku ndi uku

Ku Amereka nkhani ya chuku cha m'makoma inafika mpaka kukhoti. M'chaka cha 2001, bwalo lina ku Texas linagamula kuti kampani ya inshuwalansi ya Farmers ilipire banja lina madola 32 miliyoni pa mlandu wa nyumba yomwe inachita chuku, ngakhale ndalamazi zinadzachepetsedwa pa apilo. Milandu yotere inachuluka, makampani nkuyamba kusowa tulo.

Mu 2002, bungwe la madokotala la ACOEM linatulutsa chikalata chonena kuti palibe umboni wokwanira woti poizoni wa chuku amene munthu amapuma m'nyumba amadwalitsa. Maloya a makampani anachilandira ndi manja awiri. Koma mu 2007 nyuzipepala ya Wall Street Journal inaulula kuti olemba chikalatacho, a Bryan Hardin, a Bruce Kelman ndi a Andrew Saxon, ankalipidwa kukachitira umboni mbali yosumiridwa pa milandu ya chuku. Chikalatacho sichinatchule zimenezi.

Ine sindikunena kuti akuluakuluwa ananama, ayi. Nalo bungwe la Institute of Medicine mu 2004 linapeza mgwirizano pakati pa nyumba zachinyezi ndi chifuwa komanso mphumu, koma pa matenda ena linati umboni ngoperewera. Changa nchakuti woweruza ndi wodwala amayenera kuuzidwa amene ankalipira olembawo. Pajatu akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Choncho inu awerengi, mukamva zoti "akatswiri apeza", muzifunsanso kuti kodi akatswiriwo akudya kwa yani?